Chigafa cha bambo pabalaza panga

Bambo atamwalira kwathu kwa Wimbe, achimwene anafuna kuwaza mitengo ya chigafa chawo kuti ikhale nkhuni. Ndinati mwanama. Ndinaikweza pa lole mpaka kunyumba kwanga pa Boma.

M'chigafamo ndi momwe ndinakulira. Singano ndinayamba kuigwira posoka fodya, utelala unabwera pambuyo. Ndinkakonda kugona chagada n'kumayang'ana masamba ali lendelende pamikangala, ena achikasu, ena ofiirira, mphepo ikuwagwedeza. Ndimo ndinafunira kuti pabalaza panga pakhale.

Ndinapala mphanda zija osaziwongola, zokhota ndinazisiya zokhota. Ndinaziimika m'makona, mikangala n'kupingasa pamwamba. Kenako ndinakoloweka zitenje, zofiirira kumwamba, zachikasu zikutsikira m'khoma mopindikapindika. Masabata atatu ndikupachika n'kumasula. Nditamaliza ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa mitengo inkanunkhabe fodya wa bambo.

Loweruka lina apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Kapelula. Anaima pakhomo, phazi limodzi m'kati, kenako analibweza.

"Kodi muno wamwalira ndani?"

Ndinadziwa chimene ankanena. Kwathu nsalu timaikuta pakhoma pakagwa maliro, pamene pagonekedwa thupi. Anati ndikuitana imfa m'nyumba ya mwana wawo, ndipo salowamo mpaka nsanzazo zitatsika. Nsanza! Zitenje zomwe ndinasankha ndekha chimodzichimodzi.

Amuna anga anandikokera kukhitchini. "Tangochotsa, akapita ubwezeretsa."

Aa, ine? Ndibise bambo anga ngati katundu wakuba? Mtima unandiwira. Ndinanyamula mpando, ndinakauika pakhonde, ndinagwada bwinobwino monga mkamwana wolangizidwa.

"Amayi, mwafunsa kuti wamwalira ndani. Ndi bambo anga. Uthenga tinakutumizirani, munati mukumanga mabelo a fodya. Pamaliro simunaoneke, pepani wanu sindinamumve mpaka lero. Mitengo iyi ndi yawo, ndipo sitsika."

Anayang'ana mwana wawo. Mwana wawo anayang'ana nkhuku zomwe zinkadutsa pabwalo.

Tiyi anamwera pakhonde tsiku limenelo. Papita zaka, akabwera amakhalabe pomwepo, ndipo ine mpando ndimawatulutsira ndi manja awiri. Zitenje ndimazichapa, kuzisita, n'kuzibwezera pamikangala ya bambo.