Disipuleyi Yomwe Inatseka Windo

Pa nkhani yonenerera mtengo ine sindinkagonja. Zaka za m'ma 1990 zija ndinkagulitsa kaunjika mumsika wa m'tauni, ndipo munthu ukazolowera kulimbana ndi makasitomala tsiku lonse, umayamba kunenerera ngakhale chinthu chomwe ulibe nacho ntchito. Matenda anga anali amenewo. Chinthu chikatsika mtengo, kuchisiya ndinkaona ngati ndaberedwa.

Tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Area 23, ine, akazi anga ndi mwana wathu woyamba. Chitseko chimodzi, windo imodzi. M'menemo ndinali nditalowetsamo kale sofa yomwe masipulingi ake ankabaya alendo, mawailesi awiri akufa, ndi tayala la njinga ngakhale njingayo ndinalibe. Kenako kunabwera disipuleyi.

Masiku amenewo banja lopanda disipuleyi silinkawerengedwa. Imeneyi ndi kabati yamagalasi yoikamo makapu ndi mbale zomwe palibe amaloledwa kugwiritsa ntchito, zongoonetsa alendo kuti nafenso ndife anthu. Yanga ndinaipeza kwa kalipentala wina wa ku Mangochi yemwe ankakhoma matabwa pansi pa mtengo ku Biwi. Inali yokongola zedi, choncho ndinayamba kuinyoza.

"Achimwene, matabwa awa ndi aawisi, apindika mvula ikangoyamba. Galasi ili likuonetsa munthu mphuno ziwiri. Mwendo uwu ndi waufupi. Komanso chimphona chotere angachilowetse m'nyumba ndani?"

Mkuluyo anangokonza chipewa chake, n'kuseka, n'kutsitsa mtengo. Ndinabwerera kunyumba pamwamba pa pikiapu, nditaikumbatira disipuleyi ngati mkwatibwi.

Khoma lokhalo lomwe inakwanapo linali la windo. Ndinati palibe kanthu, kunjako kuli chiyani choti tiziona, chimbudzi cha alandilodi?

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munkada masanasana. Munthu akafuna singano ankayatsa koloboyi dzuwa lili paliwombo. Fungo la mabelo a kaunjika, la matewera ndi la palafini zinapangana zosatuluka. Itafika Okutobala, mwana anatuluka nsungu za thukuta ndipo ankalira ngati walipidwa. Ifenso tinayamba kukangana pa zinthu zopanda mutu: mchere, sopo, kapumidwe kanga. Ine ndinkakhulupirira ndithu kuti aneba atichita chipongwe chifukwa cha nsanje ya disipuleyi. Mkulu wina wa mpingo atabwera kudzatiyanjanitsa, anagunda bondo pa sofa mumdima muja, n'kutulutsa mawu omwe m'buku la nyimbo mulibe.

Loweruka lina m'mawa ndinapeza akazi anga atakhala pakhonde, mwana kumbuyo, chikwama pambali.

"Nanga ulendo wa kuti, amayi?"

"Kwathu ku Ntcheu."

"Kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu. Ndikukaona dzuwa. Ine sindinakwatiwe kuti ndizikhala kuuna ngati mbewa. Musankhe, bambo a mwana, windo kapena kabati yanuyo."

Apa m'pamene ndinalakwitsa monga wamalonda: ndinayamba kunenerera.

"Chabwino, tiisunthe pang'ono. Kota ya windo."

"Yonse."

"Theka ndiye. Pamenepo ndakuchitirani chifundo."

"Kodi mukundiyesa kasitomala wa malaya?"

Ananyamula chikwama n'kuyamba kuyenda. Ine njira imeneyo ndinkaidziwa bwino. Kasitomala amachoka dala kuti umuitane, ndipo ukalimba mtima amatembenuka yekha asanafike pa benchi yachitatu. Ndinapinda manja n'kudikira. Anadutsa pa mpopi. Anadutsa pa amayi ogulitsa makala. Sanacheuke n'komwe. Nditaona kuti akukhotera ku siteji ya minibasi, ndinathamanga patapata ali m'manja, ndikukuwa mawu omwe ndinkakuwa tsiku lililonse kumsika: "Bwerani, mayi, bwerani! Tengani pa mtengo wanu womwewo!"

Anabwerera, koma chikwama sanamasule. Anakhala pakhonde n'kumaloza ndi chala, ine ndikutulutsa. Mawailesi kunja. Tayala kunja. Sofa anati ipite kwa aliyense yemwe ndimadana naye. Disipuleyi itachoka pakhoma, kuwala kunalowa mwamphamvu moti mphemvu zinasowa kothawira, ndipo ndinaona koyamba kuti khoma lathu linali lakuda ngati la kukhitchini.

Zotsalazo sizinali zodula. Tinapaka laimu. Iwo anamanga chingwe pakati pa chipinda n'kupachikapo chitenje, kuti bedi likhale kwaokha, pochezera kwaokha. Mabelo anapita kunsi kwa bedi. Pansi anayala mkeka, pa windo anaikapo kaduwa m'chitini cha mafuta ophikira. Basi.

Disipuleyi ndinaibweza ku Biwi kuti kalipentala uja aigulenso. Anaizungulira pang'onopang'ono, akugogoda ndi chala.

"Achimwene, matabwa awa ndi aawisi," anatero. "Galasi likuonetsa mphuno ziwiri. Mwendo uwu ndi waufupi. Komanso chimphona chotere..."

"Ndamva, ndamva. Nenani mtengo."

Anaunena. Sindiulemba pano, ana anga amawerenga.

Nditafika kunyumba masana, ndinapeza windo ili yotsegula, chitenje chikugwedezeka ndi kamphepo, mwana ali m'tulo pa mkeka manja atatambasula ngati bwana. Akazi anga ankasoka popanda koloboyi. Makapu oletsedwa aja analibenso pobisala, ndiye tinamweramo tiyi. Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka osakangana, ngakhale ndinkapuma mmene ndimapumira nthawi zonse.

Chikwama anachimasula patapita masiku atatu, koma sanachibise. Anachikoloweka pa msomali pafupi ndi chitseko. Tsiku lina ndinabwera ndi wotchi yaikulu yapakhoma yopanda muvi umodzi, yomwe ndinaipeza motchipa zosaneneka. Akazi anga anangoyang'ana wotchiyo, kenako chikwama chija. Ndinatembenuka nayo pakhomo pomwepo.