Meseji Yopita kwa Mayi Fainess

Anzanga, Bwezani ndinadziwana naye chifukwa cha ziro.

Ndinali nditangoyamba ntchito pa kabungwe kena kuno ku Chipata, kopanga app yokumbutsa azimayi masiku a katemera wa ana. Ine ndinkalemba app mu Java, chilankhulo cha pakompyuta. Iye ankasamala server, kompyuta yaikulu yosunga zonse, ndipo ndi amene analemba schema, kapangano konena kuti ichi chizibwera ngati nambala, ichi ngati mawu, ichi ngati deti. Ntchito yanga inali yoti ziwirizi zizimvana.

Ndiye ine ndi changu changa ndinaika manambala a foni ngati integer, nambala yowerengera, yomwe siyamba ndi ziro. Ziro yakutsogolo inasowa pa nambala iliyonse. Bwezani anabwera padesiki panga akuseka.

“Sisi Tamiwe, ziro zanga mwadyera chiyani? Nambala ya foni ndi string, imalembedwa ngati mawu.”

Manyazi anandigwira, koma kuseka kwake kunandilowa mumtima. Tinayamba kudyera limodzi chipisi ku Kapata, madzulo n’kumandiperekeza mpaka kwathu ku Nabvutika akukankha njinga yake. Nthawi ya mwambo wa Ncwala ananditengera ku Mtenguleni, n’kuuza azakhali ake kuti awone mpongozi. Ndinamukonda mnyamata uja, sindibisa.

Vuto linabwera pa kamalo kamodzi mu schema, konena ngati mwana ali moyo. Kankatha kubwera true, false, kapena null, kutanthauza kuti sanalembepo kanthu. Koma boolean wamba wa Java, mtundu umene ndinaika pa kamaloko mu app, sadziwa null, amangodziwa inde kapena ayi.

Ndinamuuza Bwezani kuti tisinthe mtunduwo, null ikabwera meseji isamapite. Ndinakulira kumudzi ine. Khanda likamwalira masiku oyambirira, azimayi amakaliika mwakachetechete, salira maliro, ndipo ma volunteer athu ambiri olemba ana m’midzi sakanalimba mtima kulemba “false”. Akanangosiya popanda kanthu.

Iye anati ma donor akubwera, nthawi yosintha palibe, komanso ana ambiri a null ndi amoyo, kungoti olemba ndi aulesi. Ndinakana. Anakoka laputopu yanga, n’kulemba yekha kamzere koti null izikhala true.

“Babe, ndikhulupirire. Akapita alendo tikonza. Zikavuta ndiyankha ndine.”

Alendo anabwera, anawomba m’manja, anapita. Ndikamukumbutsa ankati mawa. Mawa lake silinafike...

Patapita miyezi, muofesi munalowa mayi wina wa kumudzi cha ku Tamanda, dzina lawo Fainess, atagwira kafoni ka mabatani. Sanakalipe. Anangotiwonetsa mameseji: “Mayi Fainess, mwana wanu wakwanitsa masabata asanu ndi limodzi, bwerani naye ku katemera.” Ina inkati wafika poyamba phala. Mwanayo anamwalira asanagwe n’komwe mchombo.

“Azimayi anandiuza kuti ndisalire, ndiiwale,” anatero. “Koma foni ikundiuza kuti akukula. Ndinafika poganiza kuti mwina tinamuika wamoyo.”



Abwana anatiitana tsiku lomwelo. Atatsegula code, kamzere kaja kanali m’dzina langa, poti laputopu inali yanga. Ndinayang’ana Bwezani. Ndinkadikira mawu amodzi okha. Iye maso anali patebulo.

Abwana atamufunsa, anati schema yake inali bwinobwino, null inalembedwa poyera, za mbali ya app afunse mwini wake.

Mwini wake. Ine amene dzulo lake ndinali mpongozi.

Ndinayesa kufotokoza, koma mawu anga anamveka ngati a munthu wofuna kugwa ndi mnzake. Abwana anandilola kukonza kamzereko, kenako anandiuza kuti contract yanga sapitiriza.

Madzulo Bwezani anandipeza pakhomo. Anati ndimvetse, tikanachotsedwa tonse tikanadya chiyani, ukwati tikanamanga bwanji. Ndinamupempha chinthu chimodzi basi: tipite limodzi kwa Mayi Fainess tikapepese, akanene ndi pakamwa pake, ngakhale kwa iwo okha. Analumbira kuti Loweruka tikumana pasiteji.

Loweruka ndinaima pasiteji mpaka kondakitala anatopa nane. Foni ya Bwezani inali yozima. Ndinakwera ndekha.

Mayi aja ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinawatsimikizira kuti meseji sidzabweranso. Ndinkaganiza kuti asangalala. Anatembenuza kafoni kaja m’manja.

“Ndiye mwazimitsa? Mwezi uno akanayamba kukwawa. Ndinkadikira kuti mundiuze.”

Ndinalira pakhonde la eni, iwo n’kumanditonthoza ine.

Bwezani pano ali ku Lusaka, anamukweza pantchito. Nthawi zina amalemba kuti “hi stranger”, ine sindiyankha. Ntchito ndinapeza ina, koma mpaka lero ndikaona null pa screen ndimaona manda aang’ono opanda dzina.

Anzanga, munthu akamati “ndiyankha ndine”, musathamangire kumupatsa mtima. Dikirani tsiku limene afunsidwe.