Jombo za Ababa

Ababa atagwa ndi sitiroko, abale anakhala pansi n'kusankha ine. Amayi anatisiya kalekale, achimwene ali ku Joni, achemwali anga aakulu amathyola tiyi ku esiteti. Ndiye anangoti, "Abwere wa ku Bangwe uja, sali pa ntchito." Ngati kuti banja si ntchito! Ndinasiya amuna anga ndi mwana wathu wamkazi amene anali atangoyamba sukulu, ndikuti ndikakhala milungu yochepa. Mango anapsa, anatha, mitengo inachitanso maluwa, ine ndidakali kwa ababa pa Likhubula.

Ababa anali onyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo njira ya ku Chambe ankaidziwa ngati njira ya kuchigayo. Tsopano mwendo ndi mkono wakumanzere zinali zitafa. M'mawa uliwonse ndinkawasambitsa, n'kuwakokera pakhonde, n'kuwakhazika pa mpando wa ndalema moyang'ana thanthwe la Chambe. Pambali pawo pankakhala jombo zawo zokwerera phiri, zimene ankandiuza kuti ndizizipukuta Loweruka lililonse kuti zisachite nkhungu. Akakhazikika, funso linali lomwelo.

"Wandiona bwanji lero, mwanawe? Sindikusintha?"

"Mukusintha, ababa. Dzulo simunali chonchi."

Tonse tinkayankha choncho. Achemwali akabwera Lamlungu ndi kashuga kawo amvekere, "Eee, ababa, mwanenepatu! Mwezi wamawa mukwera phiri basi!" Kenako ankandikokera kuseri kwa bafa. "Ukuona? Akuchira. Pirira pang'ono, akangoyamba kuyenda uzipita." Chonsecho adokotala anali atandiuza maso ndi maso kuti mwendowo sudzadzukanso, ndipo ine ndinali nditawafotokozera achemwaliwo. Iwo anati ndisayerekeze kuwauza ababa, ndingawaphe ndi maganizo. Bodza limeneli ndi limene linandimanga miyendo. Munthu amene akuchira mwezi wamawa, ndani angakhale pansi kugawana masiku omusamalira?

Amuna anga poyamba ankaimba foni tsiku ndi tsiku. Kenako anayamba kudumphitsa. Tsiku lina mwana anandiuza mosangalala kuti tsitsi akumamuluka ndi anti ena ake oyandikana nawo nyumba, anti amene ine sindinkawadziwa. Ndinatsuka mbale tsiku limenelo mpaka ina inasweka.

Nyengo ya chiperoni itafika, nkhungu inkatseka phiri lonse, kamvula kosalekeza kali waa, zovala za ababa osauma. Munthu sukanatha ngakhale kupita kumsika. Ndi m'masiku amenewo pamene ababa anayambitsa mlandu wawo. Ankati anzawo onyamula katundu ankakangana nkhani imeneyi nkhungu ikawatsekera m'kanyumba ka alendo ka pa Chambe: pa zonse zimene anthu amati zimakhala m'phirimu, chachilungamo kwambiri n'chiti? Ababa anali oweruza, ine wotsutsa, ndipo kutsutsa ndinkakudziwa, pakuti mtima unali wodzaza kale.

Anayamba ndi mizimu ya ku Sapitwa. Amati munthu ukasochera kumtundako umapeza chakudya chili pamwala, chotentha, popanda wophika. Udye wekha, usaitane mnzako, usakanene kumudzi.

"Imeneyo ndiyo yachilungamo," anatero ababa. "Imakupatsa osakufunsa kanthu."

"Aaa, ababa, chilungamo chanji chomati usakanene? Wokupatsa chinthu n'kukutseka pakamwa ali ndi chimene akubisa."

"Pakamwa pakopa! Unatengera amako."

Tsiku lina anabweretsa mudzi wa mizimu, umene amati uli mkati mwa phiri. Kumeneko kulibe njala, kulibe wokutukwana, nthochi zimapsa chaka chonse. Osochera amalandiridwa bwino, ndipo akafunsa njira yobwerera amauzidwa kuti mawa. Ababa ankati ndi malo a mtendere. Ine ndinati mudzi umenewo ndikuudziwa, ndipo ndi wabodza kuposa malo onse, chifukwa mawa lakelo silifika. Anandiyang'ana pang'ono, koma sanafunse kuti ndaudziwira kuti.

Napolo ndiye tinagwirizana msanga. Chinjoka chimenecho chikamasamuka pansi pa phiri chimayamba chagunda, aliyense n'kumva. Sichilonjeza munthu kuti chimulambalala. Chimadutsa pamene chadutsa, ndi miyala, ndi matope, ndi nyumba zomwe. Ababa anachiika pamwamba pa zonse. Ine ndinavomera, koma ndinati chilungamo chotero ndani angachiitanire pakhomo pake?

Lachisanu lina masana amuna anga anaimba. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangoti, "Ngati kumeneko n'kumene wakhazikika, ungondiuza, ndione chochita. Mwanayu sindingamulere ndekha mpaka kalekale." Ndinatuluka pakhonde n'kupeza ababa akundidikira ndi otsala pa mlandu wawo, amwandionerapati.

Timeneti amati ndi tianthu tatifupi ngati mtondo, tandevu, toyenda ndi mkondo. Kakakumana nawe m'nkhalango kamafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukanena zoona kuti ndakuonerani pompano, kamakubaya. Uyenera kunena kuti ndakuonerani kutali uko, kutsidya kwa mtsinje, ndiye kamavina n'kumati ndine wamkulu, iwe n'kudutsa ndi moyo.

"Amenewo ndiwo otsiriza," anatero ababa, akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Abodza otheratu."

"Iwo anama pati? Amangofunsa. Wonama ndi woyankhayo."

"Ayi, mwanawe. Wofunsa funso mkondo uli m'manja ndiye wabodza wamkulu. Yankho amalidziwa kale. Amangobwereka pakamwa pa mnzake kuti pamunamire."

Sindidziwa kuti zinatuluka bwanji. Ndinangomva mawu anga akuti, "Ndiye pakhomo pano tili naye mmodzi."

Madzi ankadontha kuchoka pa malata kugwera m'ndowa. Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Ababa anayang'ana kumene kunayenera kukhala phiri, koma kunali nkhungu yokhayokha. Kenako anatembenuka.

"Chabwino. Mkondo ndauika pansi. Wandionera pati?"

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. "Pafupi, ababa. Amakusambitsani ndine."

"Mwendowu?"

"Sudzadzuka. Adokotala anandiuza."

"Liti?"

"Tsiku lomwe tinkatuluka m'chipatala."

"Nanga iwe wakhalira chiyani kuno nthawi yonseyi?"

"Kudikira kuti muchire. Achemwali akuti ndidzapita mukadzayamba kuyenda." Apa ndiye misozi inandipambana. "Ababa, banja langa likutha. Mwana wanga akumuluka tsitsi ndi munthu wina. Ine ndatopa, ababa, ndatopa zedi, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndatopa ndi inu."

Sanandikalipire, sananditonthozenso. Anangoika dzanja lawo lamoyolo pamutu panga, lolemera ngati la munthu wogona, mpaka ndowa ija inadzaza n'kuyamba kusefukira.

Lamlungu achemwali atangoyamba kuti "Eee, ababa, mwanenepatu," ababa anawadula. "Khala pansi. Ine sindidzayendanso, ndipo iwe ukudziwa. Mng'ono wakoyu apite kwa mwamuna wake sabata ino. Tikambirane za amene azindisambitsa." Achemwali anandiponyera diso loti likanakhala mwala ndikanavulala. Kuseri kwa bafa anandiuza kuti ndawapha ababa ndine. Komabe zinakambidwa tsiku lomwelo: achemwali asamukire pakhomopo n'kumapita ku esiteti kuchokera pamenepo, azakhali athu a m'mudzi momwemo azithandiza masana, ine ndizibwera pa holide ya mwana. Chinthu chimene chinakanika chaka chathunthu chinatheka tiyi asanazizire m'makapu.

M'mawa wa ulendo wanga kunacha bwino, Chambe ali poyera, thanthwe lonse likuwala. Ndinawakhazika ababa pakhonde monga mwa masiku onse n'kuima, kudikira funso lija. Silinabwere. M'malo mwake analoza jombo zija ndi chibwano.

"Tenga izo. Ukamadutsa pamene pamakhala anzanga onyamula katundu, upatse aliyense amene zimukwana."

"Ababa, zisiyeni zikhale, sizikudya kanthu."

"Zikudya polishi. Tenga."

Ndinazitenga. Amene zinamukwana anazivala pomwepo, n'kudumphadumpha, n'kufunsa ngati madala aja akupezako bwino. Ndinangoti alipo.

Ku Bangwe ndinapeza banja langa lilipo, ngakhale mwana anayamba wabisala kuseri kwa chitseko. Tsitsi lake ndinalimasula n'kuliluka ndekha madzulo omwewo. Ababa anakhala ndi moyo zaka zina ndithu, sanafe ndi maganizo monga ankaopera achemwali. Koma kuyambira tsiku lija sanafunsenso munthu aliyense kuti akuwaona bwanji, ndipo nkhani za m'phiri anazileka. Nditapita pa holide yoyamba ndinapeza mpando wa ndalema uja utatembenuzidwa. Achemwali anati anachita kulamula okha, sabata yomwe ndinachoka, kuti uziyang'ana kumsewu. Mpaka lero sindidziwa ngati ankathawa phiri kapena ankadikira ine, ndipo sindinalimbe mtima kuwafunsa, chifukwa ndinkadziwa kuti andiuza zoona.