Chimbale chimene chinapita ndi takisi

Achimwene, uthenga wa imfa yanu unandipeza pa Mosi-oa-Tunya Road ndikudikira minibasi, ndipo mpaka lero mtima sunakhazikike.

Pogawa katundu wanu ku Libuyu, palibe anafuna bokosi lanu la zimbale za nyimbo za hevi meto. Azakhali ataona zigaza pachikuto anati, "Izi ni za Satana, tenthani!" Ndinalibisa m'chitenje. Dzulo nditapita nalo kwa wogulitsa zimbale, analitembenuza uku ndi uku, nati, "Ba sisi, likanadula, koma chimodzi kulibe."

Ndikudziwa komwe chili. Chinatsalira m'wailesi ya takisi yanu tinagulitsa ija, momwe tsiku lina munandikwezera voliyumu mukuseka: "Usamve phokoso, mvera woyimba ng'omayo." Tsiku lija ndinatseka makutu. Lero ndatsala ndi zimbale zisanu ndi malo amodzi opanda kanthu, ndipo sindigulitsa.