Ndinakana Kuchotsa Tinyama Tanga M'chipinda cha Apongozi

Ndikulemba izi chifukwa pali chimene ndinalakwa, ndipo munthu amene ndinamulakwirayo sindingathenso kumupepesa. Sindinabe, sindinamenye munthu, mowa sindilawa n'komwe. Ndinangokonda tinyama tosema mpaka ndinaleka kuona munthu wamoyo amene anali m'nyumba mwanga. Inu owerenga, mwina museka kuti bambo wamkulu wa imvi m'ndevu angagwe bwanji ndi zidole. Sekani ndithu, nanenso ndikanaseka ikanakhala nkhani ya wina, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mangochi boma, ndipo ndimaphunzitsa sayansi. Matenda angawa anayamba bwinobwino. Tsiku lina ndikuchokera ku Nkope ndinaona mdala wina wosema ziboliboli, a Mateyu, atayala chambo cha mtengo m'mbali mwa msewu. Sichinali ngati ziboliboli zija amagulitsa kwa alendo, njovu yamimba ngati mtsuko. Ichi chinali chambo chenicheni, mamba onse alipo, minga yapamsana ilipo, ngakhale kamlomo kaja. Ndinachigula kuti ndizikaonetsa ana m'kalasi. Kusukulu chinapita tsiku limodzi lokha. Nditaona mmene ana anachidetsera ndi manja awo a zitumbuwa, ndinachibweza kunyumba ndipo sichinatulukenso.

Kuyambira pamenepo a Mateyu anakhala bwenzi langa. Anandisemera kampango, mpasa, timbuna tamitundumitundu, katumbu, ng'azi, mvuu ndi ng'ona. Zina ndinkazitola m'milu ya kaunjika kumsika, tinyama tapulasitiki timene ana a kunja anatopa nato, koma ndinkasankha tokhato tofanana ndi nyama yeniyeni. Chilichonse ndikabwera nacho ndinkafunsa asodzi, kuwerenga mabuku ndi kufufuza pafoni, kenako n'kulemba kapepala n'kuika pansi pake. Ndi mmene ndinadziwira kuti chambo chachimuna chimakumba chisa mumchenga, chachikazi n'kufungatira mazira m'kamwa. Ndinadziwa kuti kampango amalera ana ake, ndi kuti mvuu siisambira kwenikweni koma imayenda pansi pa madzi. Zinthu izi zinkandikoma, ndipo sindinama, zimandikomabe. Mlendo akabwera kwathu ankachoka makutu atatopa.

Chonyadira changa chachikulu chinali nkhwazi yotambasula mapiko, itagwira nsomba m'zala zake. A Mateyu anaisema miyezi iwiri, nthenga imodziimodzi.

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri ndi balaza. Tinyama tinadzaza mashelefu a kachipinda kakang'ono makoma onse anayi, tina n'kusefukira pabalaza. Mkazi wanga Asiyatu ankangondiseka. Ndikabwera kuntchito ankati, "Aphunzitsi, ziweto zanu zija lero sizinadye." Ndinazolowera kuti chilichonse chimene anganene pa tinyamato ndi nthabwala, ndipo kuzolowera kumeneku n'kumene kunandipweteka.

Ine ndine Mkhristu wa Angilikani, kwathu ndi ku Malindi. Asiyatu anabadwira m'banja la Chisilamu kumudzi wina kuseri kwa Nkope. Titafuna kukwatirana abale ake ambiri anakana kwamtuwagalu. Amene anaima nane ndi mayi ake, Abiti Saidi. Anauza amalume a mkazi wanga kuti mnyamatayu amuona, ndi waulemu, ndipo mwana wawo sadzalira naye. Popanda mayi amenewa ine banja ili sindikanakhala nalo.

Koma dziwani kuti zaka zonsezo ine ndi apongozi angawo sitinachezepo maso ndi maso. Anali a mwambo wakale woopana ndi mkamwini. Tikakumana panjira ankapatuka n'kunjuta, moni wake wa chapatali, nkhope atayang'ana kumbali. Chofuna kundiuza chinkadzera mwa mwana wawo, changanso chimodzimodzi. Sikudana ayi, ndi ulemu umene anakula nawo.

Chaka china, mwezi wa Juni, mphumu ya apongoziwo inavuta ndipo achipatala anati azionedwa pafupipafupi. Tinagwirizana kuti adzakhale nafe kuno ku boma. Malo ogona anali kachipinda kaja basi. Dzulo lake asanafike, Asiyatu anandikhazika pansi n'kundipempha kuti tichotsemo tinyama tonse, ndi ta pabalaza tomwe, kwa kanthawi. Anandiuza kuti amayi ake saswali, kapena kuti sapemphera, m'nyumba mmene muli zifanizo za zamoyo, chifukwa anaphunzitsidwa kuti angelo salowamo.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndikanangoti chabwino. M'malo mwake ndinayamba uphunzitsi. Ndinati izi si mafano, palibe amazigwadira, ndi zida za sayansi. Ndinati mukatoni zipsepse zithyoka, kukhitchini ziderako ndi utsi, pansi chiswe chizidya. Ndinafika pouza mkazi wanga kuti wapeza mpata wochotsera zinthu zimene wakhala akudana nazo. Ananyamuka kukayala bedi la amayi ake pakati pa mvuu ndi ng'ona zanga.

Masiku oyamba apongozi anapeza nzeru yawo. Nthawi ya swala ikakwana ankafunditsa mashelefu onse ndi zitenje, akamaliza n'kuvundukula, kasanu pa tsiku, munthu wodwala. Tsiku lachinayi chitenje chinakola nkhwazi ija, inagwa pasimenti n'kuthyoka phiko. Nditabwera n'kuipeza pa tebulo, phiko lili pambali, ndinapsa mtima. Apongozi sindikanatha kuwakalipira, choncho ndinakalipira mwana wawo pabalaza, mokweza, ndikudziwa bwino lomwe kuti khomalo ndi lopyapyala. Ndinati m'nyumba muno muli zinthu zimene anthu ena sadziwa kufunika kwake, ndipo wosazidziwa asamazikhudze.

M'kachipindamo ndinangomva kutsokomola kamodzi, kotsekereza ndi nsalu.

Kuyambira tsiku limenelo palibe anakhudzanso mashelefu anga. Ine m'mutu mwangamu ndinati nkhani yatha, agogo azolowera. Ndinamata phiko ndi guluu n'kuibweza nkhwazi pamalo pake. Asiyatu anasiya nthabwala zake zija, koma ine ndinkati ndi kutopa ndi matenda a amayi.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Pabalaza panali tinyama. Kuchipinda kwathu apongozi sakanalowa, ndi kwa mkamwini. Khitchini yathu ndi kakhumbi ka mwaye koti munthu sangayalemo mkeka. Malo amene anawatsalira anali kuseri kwa nyumba, panja. Masana zinalibe kanthu, koma swala ya m'bandakucha ankadzuka, kusamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi ndi madzi a m'ndowa, n'kukayala mkeka pamtetete. Amene mumakhala kunyanja kuno mukuudziwa mwera, mphepo yozizira ija ya Juni ndi Julaye, mmene umalowera m'mafupa. Asiyatu anafuna kundiuzanso, koma amayi ake anamuletsa. Anati iwo ndi mlendo, ndipo safuna kuti banja limene analimenyera nkhondo ligwedezeke chifukwa cha iwo. Anapirira choncho milungu itatu, ine ndikuliza mkonono.

Lachitatu lina ndinalawirira chifukwa ndinali ndi ulendo wa kuntchito. Ndikupita kubafa ndinawaona apongozi. Anali atagwada pamkeka, atafunda chitenje chimodzi pamwamba pa mpango, mapewa akunjenjemera, mpweya ukulira m'chifuwa ngati wenzulo. Ndinaima pakona pa nyumba, mswachi uli m'manja, ndipo zonse ndinazimvetsa nthawi yomweyo. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwalemba.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinathamangira m'nyumba n'kukolola zonse m'thumba. Sindinatero. Ndinadziuza kuti ndichotsa ndithu, koma Loweruka, ndikapeza makatoni olimba ndi utuchi kwa akalipentala kuti zisathyoke. Ngakhale pamenepo, munthu akunjenjemera pamaso panga, ndinkaganizabe za zipsepse za mbuna. Ichi ndi chimene chimandiwawa kuposa zonse.

Loweruka lake silinatipeze pakhomo. Lachisanu m'mawa apongozi analephera kudzuka, thupi likutentha, akubanika. Tinawatengera kuchipatala ndipo anatiuza kuti ndi chibayo, chagwera pa chifuwa chofooka kale. Madokotala ndi anamwino anachita zonse zimene akanatha. Ine ndinkabweretsa chakudya n'kuima pakhonde, Asiyatu n'kudzalandira.

Tsiku lachitatu ali m'chipatalamo, Asiyatu anatuluka n'kundiuza kuti amayi akundifuna. Ndinaganiza kuti ndamva molakwa. Ndinalowa n'kukhala pansi pafupi ndi bedi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire, Abiti Saidi anandiyang'ana m'maso. Ndinali nditakonzeka kuti andidzudzule, ndipotu ndinkafuna atatero. Koma iwo, akupuma movutika, anati, "Aphunzitsi, mbalame yanu ija phiko linagwira? Mundikhululukire, manjawa akalamba."

Ndinangoti, "Linagwira, amayi." Mawu oti wolakwa ndine anali pakhosi pomwepa, koma anamwino analowa kudzawapatsa mankhwala ndipo ndinatuluka, ndikuti ndinena mawa akapezako bwino. Anamwalira m'mawa mwake ine ndisanafike.

Mwa mwambo wa Chisilamu maliro sagonetsa, choncho madzulo a tsiku lomwelo tinali titawaika kale kumudzi kwawo. Patapita masiku makumi anayi abale anachita sadaka yokumbukira malemuwo, ndipo apa ndi pamene chilango changa chinakwanira. Alamu anga aakulu, Che Yusufu, amene poyamba ankakana ukwati wathu, anaimirira pamaso pa anthu n'kundithokoza. Anati mkamwini uyu ngakhale ndi wa mpingo wina, anasunga mayi athu m'nyumba mwake ngati omubala, ndipo mayi sanalakwitse pomusankha. Anthu anavomereza. Ndinayang'ana kumene kunakhala azimayi ndipo ndinaona Asiyatu atazyolika. Sanauze m'bale wake ndi mmodzi yemwe, ndipo mpaka lero sanawauze. Ulemu umene ndimalandira kumudzi kuja si wanga, ndimangouvala ngati malaya obwereka.

Mkazi wanga sanandinenepo kuti ndinapha amayi ake. Nditamupepesa anati nthawi ya munthu amaidziwa ndi Mulungu, ndipo mphumu inali itawafoola kale. Mwina n'zoona. Dokotala sangalumbire kuti chibayocho chinabwera ndi mwera wa kuseri kwa nyumba yanga. Koma ine ndinawaona pamkeka paja ndi maso angawa, ndipo palibe angandichotsere zimenezo.

Musandimve molakwa. Kusonkhanitsa tinyama totere si tchimo, ndipo ndinganamize Mulungu nditati sindinaphunzirepo kanthu. Ana ambiri kuno amadya chambo osadziwa mmene chimalerera ana ake, ndipo munthu wodziwa zimenezi sasangalala akaona timwana ta nsomba tikuphedwa ndi maukonde a udzudzu. Ndinamvanso pambuyo pake kuti Asilamu ena saumirira kwambiri pa nkhani ya zifanizoyi. Koma sizinali kwa ine kusankhira mayi wokalamba mmene angapembedzere Mulungu wake. Chikhulupiriro chinali chawo, changa chinali kungosuntha matabwa.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene muli ndi kanthu kanu kapamtima, kaya ndi nkhunda, kaya mawailesi akale, kaya tinyama ngati ine, ndikupempheni. Mkazi wanu akasiya kuseka n'kukukhazikani pansi, mvetserani, imeneyo si nthabwala ya masiku onse. Mukalandira munthu wachikulire, dziwani kuti kukhala chete kwake sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Ambiri a iwo analeredwa kuti asadandaule m'nyumba ya mwini, ndipo apongozi ndiye sangakuuzeni n'komwe. Funsani kuti agona bwanji, asamba kuti, apemphera pati. Ndipo mukazindikira kuti mwalakwa, konzani tsiku lomwelo ndi kupepesa pakamwa pali potsegula, musadikire makatoni.

Titabwerako kusadaka ndinanyamula tinyama tonse kupita nato kusukulu, kumene ana amatigwira ndi manja awo akuda, tina tathyoka kale ndipo palibe chimene chachitika. Pochotsa ndinagwiritsa ntchito mabeseni awiri ochapira ndi thumba limodzi la chimanga, zimene zinali pakhomo pomwepo nthawi yonseyi. Ntchito imene ndinaikana milungu itatu ija sinanditengere ngakhale ola limodzi.