Chitenje chimene ndinam'manga m'chiuno

Mwana wanga wamkazi anapeza nsapato zamatayala pa salaula, pogulitsa za kaunjika, ku msika wa Mtendere ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinati n'zachibwana, matayala akadyeka aziiwala. Sanaziiwale. Patapita zaka zitatu anali ndi mphunzitsi wake, analinso ndi mnzake wosewera naye, mnyamata wamtali wa ku Kalingalinga. Mtima wanga unasiya kukhala m'malo kuyambira pamenepo.

Masewerawo amayenda motere: awiriwo amathamanga pa simenti atagwirana manja, nyimbo ikulira, kenako mwamuna amagwira mkazi m'chiuno n'kumunyamula pamwamba pa mutu, matayala akuyendabe. M'chiunotu! Chonsecho mwanayo atatha msinkhu ndinam'perekeza ndekha kwa alangizi, ndipo anamuuza momveka kuti malo amenewo mwamuna sagwirapo mwachisawawa.

Mnyamatayo anali waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unkandikayikitsa kwambiri. Popereka moni ankapinda mawondo, chipewa chili m'manja. Ndinkati m'mtima, iwe usandipusitse, ndinabadwa kale. Loweruka lililonse ndinkapita ku bwalo la sukulu kumene ankakonzekera, n'kukhala pa njerwa ndi thumba la mtedza wosenda, maso ali pa manja ake. Miyezi inatha osamupeza cholakwa. Ine ndinangoti ndiye kuti ndi wochenjera kuposa mmene ndinkaganizira.

Kenako amayi a kutchalitchi anaona kanema wa awiriwo pa foni. Mmodzi anandikokera pambali titatuluka m'mapemphero.

"Mwana wanu tamuona, mendo mumwamba, kamwamuna kamugwilila. Imwe muli chabe zii?"

Manyazi anandigwira mpaka ndinabwerera kunyumba osadutsa pamsika.

Mpikisano waukulu unali m'holo ina m'tauni. Awiri opambana anali oti apite ku Joni kukaphunzira masewera omwewo pa madzi oundana, kumene eni ake amachitira. Chaka chonse mwana wanga sankalankhula china koma chimenechi, ndipo mphunzitsi ankati palibe angawapose. Ndinavomera kuti apite. Koma nditaona chovala chake kuseri kwa holo, kansalu kothina kongofika pamwamba pa ntchafu, ndinatulutsa chitenje chatsopano m'chikwama, ndinachipinda pawiri kuti chisafike ku matayala, n'kum'manga m'chiuno. Mfundo yake ndinaikoka ndi mano.

Mwana wanga analira. Amene analankhula anali mnyamatayo, mochonderera.

"Ba mami, napapata, chitenje ni cha nyowani, chiterera. Nikamunyamula sinizamugwira bwino."

Ndinaseka. Ndinati lero waululika yekha, akufuna pogwira pakhale poyera. Ndinamuuza kuti galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ngati chitenje chichoke ndiye kuti tikukwera minibasi pompano. Mphunzitsi anali ku tebulo la oweruza. Anachiona chitenjecho awiriwo atalowa kale, nyimbo itayamba, ndipo anangogwira pakamwa.

Poyamba zinayenda bwino, moti ndinayamba kudzitama. Anthu ankawomba m'manja. Kunyamula koyamba kunatheka, ngakhale ndinaona mnyamatayo akuluma mlomo. Pa kunyamula kwachiwiri, kuja kwa pamwamba pa mutu, nsalu inazungulira m'chiuno, manja ake anatsala ndi chitenje chokha. Mwana wanga anagwera bondo pa simenti. Holo yonse inamva.

Adokotala anati kuyenda adzayenda, koma zodumpha ndi zozungulira aiwale. Ku Joni kunapita ena.

Mnyamatayo anabwera kuchipatala ndi malalanje m'pepala. Mlongo wanga, amene ku holo kunalibe, anam'thamangitsa pakhomo la wodi akum'nena kuti wapundula mwana wa eni. Iye anandiyang'ana kamodzi, anaika malalanje pa benchi, n'kumapita. Ndinakhala masiku ndikudikira kuti ayamba kundinena m'komboni, pakuti ndinali ndisanasiye kumukayikira. Sananene kanthu kwa aliyense, ndipo nkhani imene inafala ku Mtendere ndi yoti anam'gwetsa chifukwa cha chibwana.

Mwana wanga tsopano amaluka tsitsi pakhonde pathu. Kukazizira bondo limam'vuta, amakhala atawongola mwendo pa chigubu. Mwezi watha ankaluka mayi wina woyandikana nafe, ine ndikusankha nyemba pambali. Mayiyo anayamba yekha nkhani ija.

"Uja munyamata anakuononga, mwana iwe. Sembe uli kutali manje."

Ndinagwedeza mutu movomereza monga ndimachitira nthawi zonse. Mwana wanga anasiya kuluka, chipeso chili m'manja, n'kundiyang'ana.

"Ba mami, bauzeni."

Mayiyo anatembenuka kudikira. Ine ndinati nyemba za masiku ano zachuluka miyala, ndinanyamula lichero n'kulowa m'nyumba.