Pepala Lomenyedwa

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Matero tsiku limene atate anandibwezera khadi laukwati kachitatu. Kuseli kwa nyumba tinali ndi makina akale osindikizira, opalasa ndi phazi, ndipo zilembo zake zachitsulo tinkazisanja ndi zala chimodzichimodzi. Lamulo la atate linali lakuti chilembo chingokhudza pepala, chisalowe. Ankapapasa kuseli kwa khadi, akamva potupa n'kunena kuti, "Wamenya pepa, Esinati. Yambanso."

Ine ndinali nditaphunzira kukonza zosindikiza pa kompyuta, ndipo makinawo ankandichititsa manyazi. Ndinakwera basi ya ku Cape Town.

Chaka choyamba ndinachiona chakuda. Ndinkatsuka mbale mu lesitilanti, tinkagona anayi m'chipinda, ndipo zimene ndinkatumiza kunyumba zinkangokwana ufa. Ndinkasowa ngakhale munthu wokangana naye m'Chinyanja. Mlongo wanga Yotamu atandiimbira kuti shuga wapha maso a atate, ndiponso kuti ogula zitsulo akufuna makinawo, sindinaganize kawiri. "Gulisani chabe, ni vinsimbi," ndinatero, poti kwa ine zinali zitsulo wamba.

Kenako ndinapeza ntchito pa kampani yokonza makhadi ndi zikuto za mabuku. Tsiku loyamba ndinangoti kukamwa yasa. Kuseli kwa makompyuta kunali makina onga athu omwewo, opukutidwa, akuwala mafuta, ndipo anthu ophunzira kuposa ine ankadikirirana kuti awagwireko. Nditatola zilembo, zala zanga zinayamba kusanja zokha. Khadi linatuluka losalala monga atate ankafunira, koma mayi mwini kampani anapukusa mutu. Anati makasitomala amalipirira zilembo zolowa m'pepala lochindikala, zoti chala chizimva. Ndinaseka mpaka misozi. Chimene atate ankandikalipira nacho ku Matero, kuno chinali chamtengo wapatali.

Ndinaimbira Yotamu kuti asagulitse.

"Ba Tate bavomela kale, sisi," anatero. "Bakuti ngati iwe sunavifune, nindani azavifuna?"

Mawuwo anandilasa. Ndinapempha tchuthi n'kubwerera.

Makina ndinawapeza. Anakanika kutuluka pakhomo chifukwa atate anamanga chipinda makinawo ali kale m'kati, ndipo ogula anati abwera Loweruka kudzagumula khoma. Atate anali pambali pake, akusanja zilembo osaona. Chilembo chilichonse chili ndi kamzera m'mbali kosonyeza mmene chiyenera kuimira. Iwo ankakapeza ndi chala, n'kupapasa nkhope ya chilembo, n'kuchiika pamalo pake. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, ndikuchita mantha ndi manja amene ndinakulira pafupi nawo osawadziwa.

Titapatsana moni, ndinawapatsa khadi la dzina langa limene ndinasindikiza ku Cape Town, mtima uli m'mwamba. Analitembenuza n'kupapasa kuseli.

"Nindani anamenya pepa so?"

"Ndine, ba Tate."

Analitembenuzanso, chala chikuyenda pang'onopang'ono pa zilembo zolowazo, milomo ikugwedera. Ndinawamva akutchula dzina langa lonse. Yotamu anandinong'oneza kuti kuyambira pamene maso anafa, anali asanawerengepo pepala lililonse.

Atate analowetsa khadilo m'thumba la malaya. "Yotamu, uza baja bantu chipupa sichigwa," anatero. Kenako anatambasula dzanja kufunafuna langa. "Iwe, bwela pano. Nilangize mwamene bamenyela."